Chenjezo kwa oyenda m'misewu ya Dowa ndi Ntchisi: madzi akaphimba dayiveshoni, musawoloke

Uthengawu ndi wa aliyense amene amayenda pa msewu wa M1 kuchokera pa Lumbadzi, kudutsa Mponela ndi Madisi mpaka pa mlatho wa Bua, komanso amene amadzera msewu wa kumapiri wochoka pa Dzaleka, kudutsa pa boma la Ntchisi kukatulukira kwa Malomo. Inu madalaivala a minibasi ndi masiyenta, inu akabaza, eni ngolo, amayi a geni, aphunzitsi ndi makolo, tcherani khutu. Paliponse pamene akukonza mlatho kapena kalavati n'kukupatutsirani ku dayiveshoni yotsikira kumtsinje, malo amenewo m'nyengo ya mvula ndi oopsa kuposa ena onse pa ulendo wanu. Mukapeza madzi akuyenda pamwamba pa njirayo, imani. Musayese, ngakhale galimoto ina itawoloka inu mukuona.

Misewu iwiriyi tinaililira zaka zambiri, ndipo palibe wanzeru amene angadane ndi ntchitoyi. Yokonzanso M1 inakhazikitsidwa mu Julaye 2022 ku Madisi konkuno, pa mwambo umene anatsogolera a Lazarus Chakwera, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo. Ndi makilomita 301 m'zigawo zinayi za pakati pa mphambano ya bwalo la ndege la Kamuzu ndi Chiweta, ndipo chigawo choyamba, cha makilomita 102 chokafika ku Kasungu, mbali yake yaikulu ili m'boma la Dowa. Ndalama zake ndi ngongole ya mayuro 95.5 miliyoni yochokera ku European Investment Bank, kuphatikizapo thandizo la mayuro 43.1 miliyoni la European Union. Msewu wa Dzaleka, Ntchisi ndi Malomo, wa makilomita pafupifupi 70, unali wafumbi chiyambire, ndipo ntchito youika phula inakhazikitsidwa mu 2021, ngakhale yakhala ikuyenda mwa apa ndi apo. Pa kalembera wa 2018, Dowa inali ndi anthu 772,569 pamene Ntchisi inali ndi 317,069. Khamu lonseli limagula, kugulitsa, kupita ku chipatala ndi kumaliro kudzera m'misewu yomweyi. Walira mvula walira matope: tinapempha msewu, ndiye fumbi, mabampu ndi kuchedwa tizipirire. Koma kuika anthu m'manda sikuli m'gulu la zimene tinavomera.

Mvetsani kaye mmene dayiveshoni imamangidwira. Mlatho weniweni akatswiri amauyeza poganizira madzi aakulu amene amabwera mwina kamodzi pa zaka 50 kapena 100. Amakumba maziko mpaka apeze nthaka yolimba kapena thanthwe, ndipo amaukweza kuti chigumula chizidutsa pansi. Dayiveshoni siili choncho ayi. Nthawi zambiri amangogoneka mapaipi angapo a konkire kapena achitsulo mumtsinje, n'kuthirapo dothi ndi miyala, n'kutsendera ndi makina. Cholinga chake n'chakuti ithandize kwa kanthawi, pa madzi a masiku onse. Mvula yamphamvu ikagwa, mtsinje umabwera ndi mapesi, nthambi, zitsa, nthochi zozuka ndi mapulasitiki, zonsezi n'kutseka kukamwa kwa mapaipi aja. Madzi amaunjikana kumtunda, kenaka amasefukira pamwamba pa njira. Akamagwera mbali yakumunsi amadya dothi la m'mphepete, n'kumalowerera nalo cham'kati. Ena amaboola m'mbali mwa mapaipi n'kumakokolola dothi la pansi mwakachetechete. N'chifukwa chake pamwamba pamatha kuoneka bwinobwino, mizere ya matayala a dzulo ikuonekera, chonsecho pansi pali mphako. Madzi ofiira a matope sakuonetsani pamene njira yathera. Galimoto imene yawoloka patsogolo panu si umboni woti njirayo ndi yolimba. Mwina kulemera kwake ndi kumene kwamaliza kuigwedeza, ndipo wotsatira ndinu.

Kuno kumapiri vutoli limakula chifukwa cha mmene dziko lathu linakhalira. Mapiri a Dowa ndi Ntchisi ndiwo amagawa madzi: Kasangadzi ndi Mtiti amalowera ku Bua, pamene Lingadzi ndi Kaombe amatsetserekera kum'mawa kupita ku nyanja. Madzi otsika m'phiri sazengereza. Munthu ungakhale pa Mponela dzuwa likuswa mtengo, mvula itagwa kumapiri kum'mawa, posakhalitsa kamtsinje kamene m'mawa ana amawoloka podumpha miyala kadzaza mpaka m'magombe. Kupatula m'nkhalango ya Ntchisi ndi malo ena ochepa, mapiri ambiri anatsala mbee. Mitengo inathera ku makala, nkhuni ndi zigafa za fodya, ndipo minda yafika m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje. Madzi amene kale ankalowa pansi pang'onopang'ono tsopano amathamangira kukhwawa nthawi imodzi, atasenza dothi. Ndipo madzi saiwala khwawa. Ngakhale omanga ataupatutsa mtsinje kuti aimike mizati pouma, tsiku la mvula yamphamvu umabwerera mmene unkadutsa kale.

Choncho musamangoyang'ana kumwamba pamene mwaima. Yang'anani kumapiri kumene mtsinjewo ukuchokera. Kukada bii kumeneko, madzi akayamba kufiira, kutengana ndi zinyalala ndi thovu, kapena mukamva mkokomo kumtunda, chokani m'khwawa msanga, inu ndi ziweto zanu.

Ambiri timadzinyenga ndi kuya kwa madzi. Timati, “Aaa, si ongofika m'mawondo awa?” Madzi odzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse amalemera makilogalamu 1,000, chimodzimodzi matumba 20 a chimanga. Tsono taganizani matumba amenewo akukumenyani m'miyendo motsatizana, inu mutaponda pa matope oterera. Akatswiri a zanyengo a ku America, a National Weather Service, amachenjeza kuti madzi othamanga ozama masentimita 15 okha, ongopitirira pang'ono mu akakolo, amatha kugwetsa munthu wamkulu. Akafika masentimita 30 amatha kukokolola galimoto yaing'ono, ndipo pa masentimita 60 amanyamula galimoto zambiri, ngakhale zazikulu zija timazitama kuti n'za m'matope. Galimoto imalimba pa msewu chifukwa matayala agwira nthaka. Madzi akainyamula pang'ono chabe, chiwongolero ndi mabuleki zimasanduka zopanda ntchito. Injini ikamwa madzi imazima pomwepo, pakati pa mtsinje. Njinga yamoto ndiye siichedwa n'komwe, makamaka itakweza anthu awiri ndi thumba la soya kumbuyo.

Tsopano ndilankhule ndi inu okwera, chifukwa ngozi zoterezi si za dalaivala yekha. Minibasi ikaima pa mtsinje wodzaza, mawu amayamba kumveka kumbuyo: “Adalaivala, tiyeni, tachedwa ife!” Wina amati, “Anzanu awoloka, inu mukuopa chiyani?” Kondakitala naye akuwerengera ndalama ya abwana imene sinakwane. Dalaivala wachinyamata, poopa kutchedwa wamantha, amaponda moto. Abale anga, kukakamiza dalaivala kulowa m'madzi n'kusewera ndi miyoyo ya ana a eni amene akhala phee pampando. Dalaivala akaima, muthokozeni. Akaumirira kuti awoloka, tsikani, ndipo tsitsani ana ndi okalamba. Ndalama ya ulendo imene mwalipira ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa bokosi. Inunso eni galimoto, muuzeni dalaivala wanu lero lomwe kuti tsiku la madzi simudzamufunsa za ndalama yoperewera. Mantha a kuchotsedwa ntchito ndi amene amalowetsa anyamata ambiri m'madzi.

Pamalo otere sipalephera kupezeka anyamata owolotsa anthu. Amabereka amayi kumsana, amasenza njinga pamutu, amakankha galimoto, zonsezi pa kangachepe. Sindikuwanyoza, umphawi ndi umene wawaimika pamenepo. Koma dziwani kuti mnyamatayo amadziwa mmene pansi panalili dzulo, osati mmene pasinthira usiku wathawu. Akaterereka, mumapita nonse awiri. Mayi wobereka khanda asayese n'komwe.

Ubwino wa mitsinje ya kumapiri ndi woti mmene imadzazira msanga ndi mmenenso imaphwerera. Nthawi zambiri kudikira maola ochepa n'kokwanira. Gonani kwa achibale, pa sukulu kapena pa tchalitchi chapafupi ngati kwada, pakuti usiku ndiye simungathe ngakhale kuona ngati njira ikadalipo. Madzi akaphwera musathamangire kuwoloka. Ayambe ayenda pansi anthu akuluakulu, aone ngati m'mphepete simunagumuke, ngati pamwamba sipanachite ming'alu kapena kutitimira, ndipo ngati pali ogwira ntchito ya msewu kapena apolisi, dikirani mawu awo. Amene akuganiza kuti ndikukokomeza akumbukire mlatho wa Chapananga ku Chikwawa, wa konkire, wautali mamita 180, pa mtsinje wa Mwanza. Namondwe wa Ana anaudula mu Januwale 2022 usanakhalitse n'komwe. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula misewu ndi milatho yochuluka m'chigawo cha kummwera, ndipo mu Febuluwale 2024 madzi osefukira anadula msewu wa M5 kwa anansi athu a ku Nkhotakota. Ngati madzi amathyola konkire ndi zitsulo, mulu wa dothi wothiridwa pa mapaipi ungalimbe bwanji?

Zikavuta, galimoto n'kuzimira m'madzi, musataye nthawi ndi kuliza injini kapena kufunafuna katundu. Masulani malamba, tsegulani mawindo msanga, tulutsani ana poyamba, ndipo ngati madzi ndi amphamvu kwerani padenga la galimoto. Inu muli kumtunda, musadziponye m'madzi kuti mupulumutse munthu. Mponyereni chingwe, mpatsireni nsungwi yaitali kapena chigubu chotseka, inuyo mutaponda pouma, wina atakugwirani.

Palinso msampha wina, wooneka bwino: mlatho watsopano umene sunatsegulidwe. Anthu akatopa ndi matope a dayiveshoni, amauyang'ana uli chiimire, woyera, wooneka ngati watha, ndiye madzulo ogwira ntchito akaweruka wina amasuntha migolo ndi miyala yotsekera. Akabaza ndiwo amayamba, galimoto n'kutsatira. Konkire imafuna masiku 28 kuti ifike pa mphamvu imene akatswiri amawerengera, ndipo kuiponda ndi katundu wolemera isanakhwime kumasiya ming'alu imene idzativutitse tonse mtsogolo. Komanso mlatho umatha kukhala utatha pakati, koma kumapeto kwake dothi lolumikiza ndi msewu lisanathiridwe kapena kutsenderedwa. Pamakhala phompho, zitsulo zosongoka zili tuu, zotchinga za m'mbali palibe. Usiku, ndi nyali ya njinga yamoto, zimenezi mumaziona mutafika kale. Mlatho wakale akautseka, nawonso usiyeni. Matenda a mlatho amayambira pansi, pamene madzi amafukula mchenga kuzungulira mizati, ndipo woyenda pamwamba saona kanthu. Pamene aika mlatho wachitsulo wongoyembekezera, uja wa mtundu wa Bailey, werengani chikwangwani cha kulemera kololedwa ndipo muziwoloka galimoto imodzi imodzi, pang'onopang'ono. Mawu amenewa apite makamaka kwa a malole a fodya opita ku Kanengo ndi ku Chinkhoma, ndi onyamula soya, mtedza ndi kachewere, amene amakonda kupachika katundu mpaka masipuling'i kuwongoka.

Nkhani yotsatirayi ndi yochititsa manyazi, koma tiinene. Zikwangwani za pamsewu zimabedwa, ndipo akuba ake sachokera kutali. Chitsulo cha chikwangwani chimakasanduka mbaula, chitseko cha khola kapena khasu. Migolo yotsekera njira imakapezeka kuseri kwa nyumba ikusunga madzi. Ena amafika pozula mapaipi achitsulo a kalavati ndi kumasula mabawuti a milatho kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Munthu wochotsa chikwangwani cholozera ku dayiveshoni watchera msampha dalaivala wachilendo amene adzabwere usiku ali pa liwiro, osadziwa kuti kutsogolo mlatho anaugumula. Ndipo m'galimoto imeneyo mungathe kukhala mwana wake yemwe. Wogula chitsulo chotere ndi wakuba mnzake. Mafumu athu, a Gogo Chalo a Msakambewa, Mkukula, Dzoole, Chakhaza, Mponela, Kalumo, Malenga ndi Chilooko, pamodzi ndi magulupu ndi nyakwawa zanu, nkhaniyi ili m'manja mwanu, chifukwa m'mudzi palibe chinsinsi. Aliyense amadziwa khomo limene lili ndi mgolo wa mizere yofiira.

Makolo, ana. Kumene makina anakumba dothi ndi miyala yomangira msewu kumatsala maenje aakulu, ndipo mvula ikagwa amadzaza. Kwa mwana wa sitandade 3 limeneli ndi dziwe losambira. Koma dzenje lokumba ndi makina silikhala ngati dambo lolowa pang'onopang'ono. M'mphepete mwake ndi mozama nthawi yomweyo, makoma ake ndi oterera, ndipo mwana akagweramo alibe pogwira. Abusa a ng'ombe, atsikana okachapa ndi ana obwera ku sukulu ndiwo ali pa chiopsezo. Madzi omwewo amaswetsa udzudzu, ndipo akakhalitsa amatha kubweretsa likodzo. Pitani mukaone nokha maenje amene ali pakati pa nyumba yanu ndi sukulu, muwaletse ana mowatchulira malo ake, osangoti “muzisamala”. Tsiku la mvula yamphamvu, mwana amene amawoloka mtsinje popita ku sukulu akhale pakhomo, ndipo aphunzitsi musawatulutse ana pamene mtsinje wadzaza, ngakhale nthawi yoweruka itakwana. Kontrakitala ali ndi udindo wokwirira kapena kutchinga maenjewa, ndipo komiti ya chitukuko ya m'dera ili ndi ufulu womukumbutsa asanasamutse makina ake. Mudzi ukafuna kuti dzenje litsale ngati damu la ziweto, ugwirizane ndi khonsolo kuti makoma ake agwetsedwe akhale otsetsereka, ndipo litchingidwe. Auzeninso ana kuti woyendetsa giredala, katapila kapena tipa saona mwana amene waima kumbuyo kwake, ndiponso kuti phula amalithira likutentha kuposa madzi owira.

Kumene phula latsopano latha, ngozi imangosintha nkhope. Msewu wosalala umaitana liwiro. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi, ndipo pa Mponela ndi pa Madisi msika uli m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Anthu anazolowera galimoto zozemba maenje pang'onopang'ono, moti maso awo sanazolowere kuyeza liwiro latsopanoli. Choopsanso n'chakuti phula limatha mwadzidzidzi, n'kulowa pa miyala yosagwirana kapena pa katondo wonyowa, pamene tayala limangotsetsereka. Kumapiri a Ntchisi onjezanipo nkhungu ya m'mamawa ndi makona. Akabaza, helemeti ivalidwe, nyali ikhale yoyaka, ndipo madzulo valani chovala chowala.

Amayi oyembekezera amene muli kutsidya kwa mtsinje, musadikire kuti matenda ayambe. Mwezi ukayandikira pitani kuchidikiro, kaya ndi pa chipatala cha Ntchisi, Dowa, Mponela, Madisi, Mtengowanthenga kapena chaching'ono cha kwanuko. Ambulansi nayo ndi galimoto, siwoloka madzi odzaza. Abambo, konzani ufa, nkhuni ndi wodikirira nthawi ikadalipo. Amene mumalandira mankhwala a mwezi ndi mwezi, monga ma ARV, a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, musadikire kuti atsale a tsiku limodzi.

A Roads Authority, makontrakitala ndi makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi, chenjezoli likukukhudzani inunso. Tepi yofiira yomangirira pa timitengo siitchinga galimoto usiku. Pa dayiveshoni iliyonse ya pamtsinje pakufunika zikwangwani zowala zoyambira patali, mitengo yopakidwa utoto yosonyeza m'mphepete mwa njira ndi kuya kwa madzi, ndi munthu wa mbendera amene sachoka dzuwa likalowa. Mapaipi azichotsedwa zinyalala mvula iliyonse ikatha. Nthambi yoona za nyengo ikalengeza mvula yamphamvu, makina akhale pafupi, osati atsekeredwe ku kampu anthu atapita ku tchuthi cha Khirisimasi, pamene mitsinje imayamba kudzaza. Njira ikaduka, lengezani pa wailesi nthawi yomweyo kuti a minibasi asanyamuke n'komwe pa depoti. Kumbukiraninso kuti ku Dzaleka kuli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ndipo ambiri a iwo amayenda m'misewu yomweyi. Uthenga uwafikire m'Chiswahili ndi m'Chifalansa, ndipo wailesi ya Yetu ili pomwepo.

Inu amene mwawerenga chenjezoli, musalisunge. Mukaona njira yayamba kugumuka, mapaipi atsekeka, chikwangwani chazulidwa kapena dzenje lasiyidwa poyera, ikani nthambi zamasamba pamsewu patali ndithu mbali zonse ziwiri, kenaka dziwitsani amfumu, ogwira ntchito ya msewu ndi apolisi a Mponela, Dowa kapena Ntchisi tsiku lomwelo. Abusa, ansembe ndi mashehe, lengezani m'mapemphero a sabata ino. Aphunzitsi aakulu, nenani pa asembule. Apampando a akabaza ndi a minibasi pa siteji iliyonse, itanani anyamata anu mugwirizane lamulo limodzi: madzi akaphimba dayiveshoni, palibe wonyamula munthu kuwoloka naye mpaka ataphwera.